Simenti Imene Ndinathira pa Kamtsitsi

Nkhuni zikatha zithe, uvuniwu uzime, njerwa zituluke zosapsa, koma kumutu kwa kasupe wa Kamtsitsi sikupita munthu ndi nkhwangwa ine ndikadali moyo. Mwandimva, a Dafuleni? Musandiyang'ane ngati ndalawa kachasu. Kokani chitsa icho mukhale pansi, ndikuuzeni zimene ndinachita pamalo paja ndi manja anga omwewa. Inu mwabwera m'mudzi muno dzana dzanali, za kuno mukungodziwa njira ya kwa akazi anu basi.

Nanenso ndine mkamwini ngati inu. Ndinabwera kuno kudzamanga nyumba za aphunzitsi, ndinaona Esinala akutibweretsera madzi ife amisiri, ndiye kwathu ndinangopitako kukatenga bulangete. Chaka chachiwiri cha ukwati wathu Esinala anali ndi pakati, koma mwana anabadwa atafa kale. Mtayo. Mukudziwa mmene zimakhalira: palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe kulira. Amayi akuluakulu anamukulunga m'kansalu n'kutuluka naye kusanache, ndipo ine bambo wake sanandiuze ngakhale mbali imene analowera. Ndinafunsa kamodzi. Esinala anangoti, "Zimenezo amuna safunsa. Inenso sindikudziwa." Ndinatseka pakamwa n'kupita kukaumba njerwa, koma mumtima munandiwawa nthawi yaitali.

Panapita zaka zinayi kuli zii. Tinayenda m'zipatala, tinamwa mizu yowawa yoti ngakhale galu sanganyambite, osaphula kanthu. Kenako, chaka chimene ndikunenachi, Esinala anaimanso. Ndikati ndinali wosangalala ndinama. Ndinali wamantha. Miyezi itapitako, m'mawa uliwonse ndisanatenge zida zanga ndinkaika dzanja pamimba pake kudikira kuti kagunde, ndipo kakagunda m'pamene ndinkapita kuntchito. Moyo wanga wonse unali pa kugunda kumeneko.

Chaka chomwecho, m'dzinja, kolera inali italowa m'mudzi muno. Inatenga anthu asanu, awiri mwa iwo ana. Ndipo zinali zosadabwitsa. Kamtsitsi amene mukumuona lero ali ndi paipiyu, nthawi imeneyo anali chithaphwi chabe. Ng'ombe zinkamwa pomwepo, nkhumba zinkagona pomwepo, wina akuchapa matewera apa wina akutunga akumwa apo. Kumtunda anthu analima mpaka m'mphepete mwa khwawa, ndiye mvula ikagwa matope ndi zonse zimene anthu amasiya patchire zinkatsikira momwemo. Mlangizi wa zaumoyo, a Mbendera, anabwera ndi kabotolo koyezera madzi. Anathiramo a pa Kamtsitsi, n'kukasunga masiku awiri, madziwo anada bii. Anakakweza m'mwamba pamsonkhano, amvekere, "Izi n'zimene mukumwetsa ana anu."

Ndiye tinapanga komiti ya madzi, ndipo tinagwira ntchito, zimenezo ndisabise. Tinakumba migula m'phiri monse kuti madzi a mvula azilowa pansi m'malo mokokolola nthaka. Tinabzala udzu wa vetiva m'mizere, tinaletsa kulima pafupi ndi khwawa, tinazunguliza mpanda wa minga kuti ziweto zisafike. Bungwe lina linatipatsa simenti ndi mapaipi kuti titseke diso la kasupe, madzi azituluka osakhudzidwa ndi phazi la munthu kapena mlomo wa ng'ombe. Mmisiri wake anali ndani? Ine, Yotamu. Ndinkayenda modzimva masiku amenewo, chifukwa mkamwini kupatsidwa ntchito ya mudzi wonse si zachibwana.

Mu komitimo munali amayi atatu, koma tsiku lokasankha malo tinapita amuna okhaokha, poti tinati ndi ntchito ya mapiki ndi makasu. Diso la kasupe lili pansi pa mitengo ya katope ija, pamene pamakhala mthunzi ngakhale masana. Kumtunda kwake pang'ono panali kamalo kosalala, kofewa, kopanda udzu wambiri, pali timiyala apa ndi apo ndi mapale a miphika yakale. Ine ndinati apa mpabwino. Bokosi la simenti losonkhanitsira madzi likhale pa diso, ndipo chivundikiro cha simenti chitalike mpaka kuphimba kamalo konseka, kuti madzi a mvula asamalowere kumbuyo. A Mbendera anavomera. Iwonso ndi obwera, kwawo n'kutali. Amuna eni mudzi amene tinali nawo ankangokanda m'mutu, wina n'kuti ali mwana amayi ake ankamuletsa kusewera pamenepo, koma chifukwa chake sankachidziwa. Tinaseka, tinakhoma zikhomo.

Madzulo a tsiku limenelo anabwera mlamu wanga Felesiya, mkulu wake wa Esinala, ali ndi khanda kumsana.

"Alamu, amayi akuti musamange pamene mwakhoma zikhomo paja. Akuti mutsike kumunsi pang'ono."

"Chifukwa?"

"Sananene. Angoti mutsike."

"Kawafunseni."

Anapita, anabwera. "Akuti mwamva."

Tsono inu mukudziwa za apongozi. Ine ndi a Nagama, mayi ake a Esinala, tinali tisanayang'anizanepo maso chikwatirire. Ndikawaona panjira ndinkalowa patchire, iwonso ankalowa patchire mbali inayo. Ndikanapita bwanji kukawafunsa kuti mayi, tafotokozani bwino? Ndipo kunena zoona sindinafune n'komwe. Ndinati mumtima, nkhalamba zimadziwa chiyani za simenti? Madzi akutuluka apa, ine ndikamange apo? Mawa lake tinathira simenti. Ndinathira yokhuthala, ya zitsulo m'kati, yoti ngakhale ngolo yodzaza itadutsapo singang'ambike. Ndinasalaza bwinobwino, n'kulemba chaka pakona ndi msomali.

Simenti ya pabokosi inauma masiku awiri, monga imachitira. Koma ya kumtunda kuja inakana. Tsiku lachisanu inali ikadali yakuda, ikutuluka timadontho ngati thukuta, pamene dzuwa la Okutobala linkaotcha loti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasaa. Ndinati ndi chinyontho cha pansi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi inauma yonse nthawi imodzi, ndipo ndinaiwala.

Madzi anatuluka oyera mbee. A Mbendera anabwera ndi kabotolo kawo, patapita masiku awiri kanali koyera chimodzimodzi, ndiye anazungulira nako mudzi wonse akuseka ngati awina mpira. Tsiku lotsegulira atsikana anavina, amayi analulutira, ine ndinanenepa tsiku limodzi. Koma ndinaona kuti amayi achikulire anaima patali, manja ali kumbuyo, ndipo palibe mmodzi wa iwo analawa madziwo. Apongozi anga sanabwere n'komwe.

Zinthu zinayamba ndi nkhata. Amayi akafika pa paipi amaika nkhata pansi podikira kuti ndowa idzaze. Wina atatembenuka anapeza yake palibe. Mawa wina, mkuja wina. Anayamba kunenana okhaokha za kuba, nkhata yeniyeniyi, ya sanza! Patapita sabata anazipeza zonse zili pamwamba pa simenti yanga, kumtunda kuja, zitandandalikidwa bwinobwino, zonyowa. Ine ndinati ndi ana osewera. Koma mpanda wa minga unali wosaphwanyidwa, ndipo achule amene ankasokosera pamenepo chiyambire anali atasiya kulira. Za achulezo ndinazindikira ndekha, sindinauze munthu.

Komiti inasankha mkulu wina wa mpingo, munthu wosaopa kanthu, kuti azikakhala pamenepo m'mamawa agwire ana osokonezawo. Anakhalako tsiku limodzi. Pobwerera anadutsira kwa ine, n'kuima pabwalo chipewa chili m'manja. Ndinamufunsa ngati wawagwira.

"Amisiri," anatero, "pamene paja si pa amuna."

"Mwaona chiyani?"

"Sindinaone kanthu. Ndamva chabe." Anavala chipewa napita, ndipo Lamulungu lotsatira anapemphera nthawi yaitali mpaka anthu anayamba kutsokomola.

Kenako Felesiya anabwera tsiku lina m'mawa wopanda ndowa, bulauzi itanyowa pachifuwa.

"Alamu, paipi yanu ija ikuyamwa."

Ndinaseka. "Paipi imatulutsa madzi, mlamu, siyamwa."

"Ndinatseka ndi chikhatho kuti ndisinthe ndowa. Inandigwira. Imakoka, kusiya, kukoka, kusiya." Anayang'ana pansi. "Ine ndayamwitsa ana anayi, alamu, ndikudziwa chimene ndikunena. Taonani, mkaka wangotuluka wokha, pamene mwana ndamusiya kunyumba."

Ndinamufotokozera za mpweya umene umatsekeredwa m'mapaipi, ndinalankhula chizungu chambiri. Koma masana, dzuwa lili paliwombo anthu onse ali m'mithunzi, ndinapita ndekha. Ndinaika chikhatho. Poyamba madzi ankangokankha monga mwa masiku onse. Kenako anasiya, ndipo ndinamva kakukoka kofewa, kofunda, pakati penipeni pa chikhatho. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinachotsa dzanja msanga tsitsi lonse litaima. M'kati mwa bokosi munamveka ngati wina wameza, kenako madzi anayambanso kutuluka bwinobwino. Ndinabwerera kunyumba osacheuka, ndipo nkhomaliro sindinadye.

Nkhani inafala. Amayi oyamwitsa anasiya kupita pa Kamtsitsi, ena anatsatira. Anayamba kutsikira kumtsinje, kumene tinathamangitsira ng'ombe, kukatunga madzi a matope. Ana awiri anayamba kutsekula m'mimba. A Mbendera anakwiya mpaka misozi. Ankayenda khomo ndi khomo ndi kabotolo koyera kaja akukuwa, "Madzi abwino ndi awa! Mukufuna tiikenso maliro?" Amayi ankangoti, "Tamva, alangizi," mawa n'kulowera kumtsinje. Ndinawamvera chisoni bambo aja, chifukwa ankanena zoona, ndipo palibe anawauza chimene chinkaopsa anthu. Ine ndinaumirira kuti pakhomo panga tizimwa a pa paipi, poti sindinafune kuti Esinala adwale ali wotopa chotero. Ndinkakatunga ndekha ndi zigubu pa njinga, koma chikhatho sindinaikeponso.

Esinala anayamba kudandaula kuti akagona chagada amabanika, ngati wina wamusanjika thumba la chimanga pachifuwa. Anali atalowa mwezi wachisanu ndi chitatu, ndiye ndinati n'kulemera kwa mwana basi. Lachiwiri lina m'mawa ndinaika dzanja pamimba pake. Ndinadikira. Palibe.

"Kagona," anatero. "Pitani kuntchito, bambo."

Lachitatu chimodzimodzi. Tsiku limenelo ndinamanga khoma lokhota koyamba m'moyo wanga, mwini wake anandigwetsetsa. Lachinayi Esinala anangogwira dzanja langa n'kulikanikiza pamimbapo misozi ikutsika. Ndinamukweza pa njinga mpaka kuchipatala chathu chaching'ono chija. Anamwino anamvetsera ndi kachipangizo kawo nthawi yaitali, kusuntha apa, kusuntha apo.

"Mtima ukumveka," anatero, "koma ukumveka patali kwambiri."

Anati Esinala agone konko, ndipo ngati pofika m'mawa mwana sagunda, aitana ambulansi apite naye kuchipatala chachikulu. Mmene ananenera mawu akuti chachikulu ndinadziwa kuti chiyembekezo chawo n'chochepa. Felesiya anabwera kudzakhala naye, ine anandiuza kuti ndipite kunyumba ndibwere m'mawa ndi zofunda.

Ndinanyamuka dzuwa litapendeka. Njira yochokera kuchipatala imadutsa m'munsi mwa phiri, pamene pali mphambano yopita ku Kamtsitsi. Kunali chisisira, koma munthu ankaoneka. Pamphambanopo panaima mayi. Sindinamudziwe, pamene m'mudzi muno ndimadziwa aliyense. Anali atamanga nsalu kumsana monga wobereka mwana, nsalu yakuda ya biriwita imene masiku ano simuionanso, koma nsaluyo inali yophwa, munalibe kanthu. Ankaisisitabe ndi dzanja kumbuyo, akugwedezeka pang'onopang'ono monga achitira amayi potonthoza mwana.

Ndinatsika pa njinga, poti pamenepo mpokwera. "Mwaswera bwanji, mayi?"

Nkhope yake sindingakuuzeni, a Dafuleni. Ndikati ndiyang'ane, maso anga ankangotsikira pansi okha. Mapazi ake anali a matope, pamene mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

"Ndinu amisiri?" Mawu ake anali otsika, a munthu wotopa.

"Ndine."

"Mwamanga zolimba."

"Zikomo, mayi."

"Akulephera kudzuka," anatero. "Ife tinkawafunditsa kadothi pang'ono, ka m'manja. Inu mwawafunditsa mwala."

Anatembenuka n'kulowa kanjira ka ku Kamtsitsi akusisitabe nsalu yake. Masamba ouma anali mbwee m'kanjiramo, koma sindinamve phazi ngakhale limodzi. Ndinakankha njinga ndikuthamanga, ndipo ndinagwa kawiri ndisanafike.

Ndinafika kukuyamba kuda. Ndinakhala pakhonde osayatsa nyale. Kuseri kwa mpanda wa udzu umene umalekanitsa nyumba yanga ndi ya apongozi ndinamva a Nagama akumangirira mbuzi. Kenako anayamba kulankhula ndi mbuziyo, mokweza.

"Iwe mbuzi iwe, tamvera. Ine sindikulankhula ndi munthu, ndikulankhula ndi iwe. Zimene ndinene pano mwamuna sayenera kumva, ndipo akamva si ine ndamuuza." Anapuma. "Ana amene amabwera osalira timakawagoneka kumutu kwa Kamtsitsi, pansi pa katope, pozizira. Amayi anga ankagoneka pamenepo, amayi awonso pamenepo. Sitikumba ndi khasu, timafukula ndi manja. Dzenje likazama mwana sabweranso, mayi wake amauma. Timangofunditsa pang'ono, kuti nthawi yake ikakwana adzuke abwerere kwa amake. Wa Esinala ndinamugoneka ndekha, mbuzi iwe. Ndinaikapo phale la mphika wanga. Zaka zinayi wakhala akusonkhanitsa mphamvu, wayamba kubwera, ndiye wina wamuika chimwala pamsana."

Apa analira, mayi amene ndinali ndisanawamvepo akulira.

"Ndinatuma mwana kuti akawauze atsike kumunsi. Ndikanatinso chiyani? Ndikanapita kukagwira mkamwini dzanja? Ndinkati mwina simenti ndi ngati dothi, mwina apeza potulukira. Ndachedwa, mbuzi iwe, ndachedwa ndi manyazi."

Ndinakwiya, ndikuuzeni zoona. Mwezi wathunthu mayi akudziwa, ali chete kuseri kwa udzu! Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ndinakumbukira amene anaseka uthenga wawo. Ndinadzuka, ndinayang'ana kumbali, nanenso ndinalankhula ndi mbuzi.

"Iwe mbuzi, kawafunse. Ndikaphwanya, nanga madzi? Mvula yayandikira. Kolera ija ibweranso."

Apongozi anayankha kudzera mwa mbuzi yomweyo. "Uwauze kuti za madzi ine sindidziwa. Ine ndikudziwa za mdzukulu wanga. Apite kukamacha, nthawi imene tinamugoneka. Apite okha, avule nsapato, ndipo akatsegula asayang'ane."

Tambala atalira ndinatenga chinyundo ndi tchizulo. Sindibisa, ndinaganiza zobwerera katatu. Simenti imeneyo sinali yanga, inali ya mudzi, ndipo maina a anthu asanu aja amene tinawaika m'dzinja ndinkawadziwa onse. Mkamwini wophwanya madzi a eni mudzi amamanga katundu wake tsiku lomwelo. Ndinkadzifunsanso kuti bwanji ngati zonsezi ndi mantha a nkhalamba chabe, ndiphwanye ntchito yabwino mwana n'kufabe. Mutu unkanena zimenezo, koma miyendo inkangopita.

Kummawa kunali kutayamba kufiira. Pansi pa katope panali nkhungu, ndipo paipi sinkatulutsa madzi ngakhale dontho. Kunali chete woti ndinkamva magazi anga m'makutu. Ndinavula nsapato, ndinakwera pa simenti, ndipo inali yofunda ngati mphasa imene munthu wangodzukapo. Kuseri kwa mitengo kunali chinthu choima, chakuda, chikugwedezeka pang'onopang'ono. Sindinayang'anenso kumeneko.

Ndinamenya. Chinyundo chinadumpha, simenti osang'ambika. Ndinadzitukwana ndekha chifukwa cha zitsulo zimene ndinaikamo monyada. Ndinamenya mpaka zikhatho zinachita matuza, matuza anaphulika, mpini unayamba kuterera. Ndikapuma ndinkamva timawu pansi pa mapazi anga. Sikunali kulira ayi, koma kaphokoso kaja amachita mwana akamafuna kuyamba kulira mpweya usanakwane. Ndipo sikanali kamodzi. Kanali apa, apo, ndi uko.

Ndinayamba kulankhula, sindikudziwa ndi ndani. "Pepani. Sindinadziwe. Ndine mlendo kuno, pepani." Kenako ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Mwanawe, ndine bambo ako, dikira pang'ono." Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu chibadwire, ndipo kuyambira pamenepo ndinkamenya ndikulira mokweza.

Kona ya kumtunda inang'ambika. Ndinalowetsa tchizulo, ndinapinda zitsulo, ndinatembenuza chibenthu chachikulu ngati chitseko, n'kutseka maso monga anandiuzira. Mpweya wofunda unandiomba kumaso, wa fungo la khanda. Aliyense amene ananyamulapo khanda akulidziwa fungo limenelo. Ndiye tinthu tinayamba kudutsa m'miyendo mwanga, tofewa, tonyowa, tikundikhudza m'akakolo, tikulowera chakumudzi. Ndinaima chilili maso ali chitsekere, mkodzo ukutsika m'buluku, ndipo sindichita nazo manyazi. Kamodzi kanaima paphazi langa lamanzere. Kanakhalapo kanthawi, kenako kanapita.

Paipi inatsokomola, madzi anayamba kutuluka. Ndiye foni inalira m'thumba, ndinatsala pang'ono kufa. Anali Felesiya.

"Alamu! Wagunda! Akugunda ngati akufuna kutuluka lero lomwe! Anamwino akuti ambulansi isabwerenso!"

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Nditatsegula maso kunali kutayera, kuseri kwa mitengo kunalibe kanthu, ndipo madzi a pa paipi anali ofiira ndi dothi.

Mlandu unalipo, waukulu. A Mbendera atafika anagwira m'mutu, ananditchula wamisala pamaso pa anthu, ndipo sindinawayankhe, poti chifukwa changa sichinali choti n'kunena pabwalo. Amuna ankati ndisamuke tsiku lomwelo. Koma amayi achikulire asanu ndi mmodzi anabwera n'kukhala pansi mozungulira malo aja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe mwamuna analimba mtima kuwadutsa. Mmodzi wa iwo anakanong'oneza akazi awo a Mbendera. Mawa lake alangizi anabwera ali phee, anati madzi akumwa sayenera kutengedwa kumunsi kwa malo otere ngakhale kabotolo katayera chotani. Tinafufuza diso lina chakum'mawa, amayi ali patsogolo. Pamene iwo aima, ife sitinkakumba. Masabata atatu mudzi wonse unkawiritsa madzi ndi kuthira kolorini, ana awiri aja anachira, ndipo ndinamanga bokosi latsopano mvula isanagwe. Ndi paipi imene mumamwa inuyi.

Esinala anachira patangopita masiku ochepa titatsegulira, kuchipatala komwe kuja. Mwana wamkazi, Mtisunge uja mumamuona akupita kusukulu. Analira mokweza mpaka ine ndili panja pansi pa mtengo ndinamva, ndipo ndinakumbatira mlonda wa pachipatala amene sindinkamudziwa n'komwe.

Anamwino anandiitana ndisanamunyamule. Anali mayi wamkulu, woti wabereketsa ana osawerengeka, koma nkhope yake inali yosokonezeka.

"Bambo, mwana ali bwino, musaope. Sikelo ili bwino, akuyamwa bwino. Koma pali chinthu chimene sindinachionepo." Anavundukula kansalu, natambasula timanja. "Taonani. M'mimba mwa munthu mulibe chinthu cholimba. Ndiye izi zachitika bwanji?"

Nsonga za zala zonse khumi zinali zosupuka. Mabala anali atayamba kupola, koma ankaonekeratu: khungu litadyeka, tizikhadabo titatha mpaka pamnofu. Anamwino ankandiyang'ana kudikira yankho, ine ndinangoti sindikudziwa.

Ndinanama, a Dafuleni. Ndagwira ntchito ya umisiri zaka makumi awiri. Zala zodyedwa ndi simenti ndimazidziwa.